Mkono wa azakhali

Azakhali anga amavundula nsima ndi mkono wamanzere, koma sanabadwe amanzere. Ine ndikukula kwathu ku Ntcheu, pamaliro kapena paukwati mthiko wa pamphika waukulu unkadikira iwowo. Amayi ena ankalandirana awiriawiri, iwo ankavundula okha mpaka kuomola, thukuta lili kamukamu, nkhani zili pakamwa. Lero mkono wamanja umene unkagwira ntchito imeneyo ndi waukulu kuposa unzake, kuyambira kuphewa mpaka kuzala. Ndi wolemera, khungu lake ndi lolimba, ndipo akakhala pamphasa amaunyamula ndi dzanja linalo n'kuukhazika pamwendo ngati mwana wogona. Telala wa pamsika anazolowera. Akamawasokera bulauzi ya Mvano, mkono umodzi amaukulitsa osafunsa.

Zinayamba ndi chotupa m'bere lamanja. Sichinkapweteka, ndiye anakhala nacho kupitirira chaka, akulima, akusinja, akubereka zidzukulu. Pamene ankafika kuchipatala chachikulu mu 2009, m'khwapa munali kale anabele olimba ngati timiyala, oti munthu ankatha kuwawerenga ndi chala. Madokotala anachotsa bere lonse, n'kukokolola anabele onse a m'khwapamo. Kenako anabwera mankhwala a m'diripi amene anawathothola tsitsi, ndi mapiritsi a tamoxifen zaka zisanu. Za kuwotcha khansa ndi makina sizinatchulidwe n'komwe, chifukwa nthawi imeneyo m'dziko muno munalibe makinawo. Dokotala amene anawachita opaleshoni ndilibe naye chifukwa. Anagwira ntchito yoyenera pa matenda amene anawapeza, ndipo azakhali ali moyo mpaka lero.

Mkonowo unayamba kutupa patapita chaka ndi theka. Poyamba chibangili chinangothina. Kenako chala chikasindikiza pakhungu chinkasiya kadzenje kosabwerera msanga. Pamudzi ena anati ndi mntchofu, ena anati pali dzanja la munthu. Achibale, mwa chikondi chawo, anapita nawo kwa sing'anga amene anatema mphini kuyambira pachigongono kutsika. Patatha masiku atatu mkono unafiira, unatentha ngati mbaula, thupi lonse lili njenjenje, ndipo anagonekedwa m'chipatala sabata yathunthu. Nesi wina ndiye anatiuza zimene palibe anatiuza kale: mkono wotere sufuna bala, ngakhale la minga, chifukwa alonda ake, anabele aja, anachotsedwa. Titabwerera kunyumba ndinawafunsa ngati ankanong'oneza bondo. Anati, "Mwanawe, walira mvula walira matope. Koma akanandiuza kuti matope ake ndi awa."

Mawu amenewa anandibwerera mu 2023, usiku wina foni italira pa WhatsApp. Anali achemwali anga aakulu, amene amakhala ku Leeds ndipo amagwira ntchito yosamalira okalamba. Kumeneko mayi akakwanitsa zaka 50 amayamba kulandira kalata yomuitana kukajambulidwa mawere zaka zitatu zilizonse, ngakhale asakumva chilichonse. Chithunzicho n'chimene chinapeza kachotupa kosakwana masentimita awiri, kamene iwo eni anali asanakakhudzepo. Anakachotsa bere n'kulisiya. M'khwapa anatengamo anabele atatu okha, ndipo awiri anapezeka ndi khansa. Tsopano madokotala anawaikira njira ziwiri: abwererenso ku fiyeta akachotse anabele otsalawo, kapena m'khwapamo awotchemo ndi makina, chimene iwo amati radiotherapy.

"Iwe umaphunzitsa sayansi," anatero achemwali. "Tandiwerengera. Ine mutu sukugwira. Ndikatseka maso ndikungoona mkono wa azakhali."

Ndinawamvetsa. Ntchito yawo ndi ya mikono: kudzutsa nkhalamba pabedi, kuisambitsa, kuikhazika pampando. Mkono ukalemera, ntchito yatha, ndipo pa ntchitoyo padalira anthu ambiri kuno kumudzi, azakhali omwe. Koma mtima wina unkawauza kuti chinthu choipa n'chofunika kuchizula ndi mizu yomwe, osachisiya m'thupi n'kumangochiunikira ndi makina. Mtima umenewu ndi wa mlimi aliyense, ndipo unali mtima wa madokotala kwa zaka pafupifupi 100.

Ife mwanabele timamudziwa akatupa. Mwana akapweteka chala cha kuphazi, amatuluka mwanabele m'mphechepeche, ndipo timadziwa kuti bala likapola iyenso aphwa. Koma anabele amakhalapo nthawi zonse, ali phee. M'thupi muli timitsempha tina tosayenda magazi, timene timatunga madzi otsalira m'minofu n'kuwabwezera m'magazi. Madziwo amadutsa mwa anabele, amene amasefa tizilombo ngati sefa. M'khwapa limodzi mumakhala anabele pakati pa 20 ndi 40, ndipo vuto lagona poti amatumikira mbali ziwiri: madzi ochokera m'bere amadutsa momwemo, ochokera kumkono amadutsanso momwemo. Khansa ikafuna kutuluka m'bere, kawirikawiri imayamba yafika m'khwapa. Dokotala akakokolola zonse pothamangitsa khansayo, amadulanso ngalande za mkono. Aliyense amene anathirirapo dimba amadziwa zimene madzi amachita ngalande ikatsekeka: amadikha, nthaka n'kuuma gwa pamwamba pomwe pansi pali chithaphwi.

William Halsted, dokotala wa opaleshoni wa ku Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore, ndiye anakhazikitsa njira yozula zonse. Mu 1894 analemba za odwala 50 amene anawachotsa bere, minofu ya pachifuwa ndi anabele a m'khwapa nthawi imodzi. Ankakhulupirira kuti khansa imayenda pang'onopang'ono ngati moto wa m'tchire, ndipo ukalambula malo aakulu moto sudumpha. Mikono yotupa anaiona ndithu. Mu 1921 analembapo za kutupako, ndipo dzina limene anakupatsa limatanthauza mntchofu wobwera ndi opaleshoni. Nditawerenga zimenezi ndinakhala kaye chete. Anthu a kwathu amene anati ndi mntchofu sanaphonye patali. Chimene chinandiwawa n'chakuti vutoli linali ndi dzina kwa zaka zambirimbiri, koma linkawerengedwa ngati mtengo umene mayi ayenera kulipira osawiringula.

Mmodzi mwa amene anagwedeza kwambiri chikhulupiriro chimenechi ndi Bernard Fisher wa ku Pittsburgh. Mu 1971 anayambitsa kafukufuku amene, mwa amayi amene m'khwapa mwawo simunkamveka chotupa, ena anachitidwa opaleshoni yaikulu ya Halsted, ena anachotsedwa bere lokha n'kuwotchedwa, ndipo ena anachotsedwa bere lokha, m'khwapa osakhudzamo pokhapokha chotupa chitadzatuluka. Anawatsatira zaka 25. Zotsatira za mu 2002 zinaonetsa kuti magulu atatuwa sanasiyane kutalika kwa moyo. Fisher ankati chimene chimapha mayi si mwanabele wa m'khwapa, koma mbewu za khansa zimene zinauluka kale kupita m'mafupa, m'chiwindi kapena m'mapapo, ndipo zimenezo mpeni suzipeza, zimafuna mankhwala oyenda thupi lonse.

Kenako, mu 1993 ndi 1994, David Krag ndi Armando Giuliano anaonetsa kuti si koyenera kugwetsa mudzi wonse pofuna kudziwa ngati mlendo analowa. Amabaya m'bere mankhwala a mtundu wa buluu, kapena ena otsatika ndi kachipangizo, n'kuona mwanabele amene mankhwalawo ayambe kufikako. Ameneyo amamutcha sentinel, kutanthauza mlonda wa pachipata. Akamuchotsa n'kupeza kuti alibe khansa, ena onse amawasiya. Amayi ambirimbiri anapulumutsa mikono yawo chifukwa cha njira imeneyi. Koma funso linatsala, lomwe lija linagwera achemwali: nanga mlondayo akapezeka kuti wagwidwa?

Funsoli linayankhidwa ndi kafukufuku wotchedwa AMAROS, wa bungwe la ku Ulaya la EORTC, motsogozedwa ndi Emiel Rutgers wa ku Amsterdam. Kuyambira 2001 mpaka 2010, zipatala 34 m'mayiko 9 zinalembetsa amayi oposa 4,800 okhala ndi zotupa zosapitirira masentimita 5, amene m'khwapa mwawo simunkamveka kanthu pogwira. Mwa iwo, 1,425 anapezeka ndi khansa mwa mlonda uja. Amayi 744 anali m'gulu lochotsedwa anabele otsala, ndipo 681 anali m'gulu lowotchedwa m'khwapa, maulendo 25 m'masabata asanu. Gulu silinkasankhidwa ndi dokotala kapena wodwala, koma mwa maere, kuti pasakhale kukondera.

Ndinawerenga manambalawo usiku, kope la ana a sukulu lili pambali, ndikulemba ngati ndikukonzekera phunziro. Patatha zaka zisanu, khansa inabwerera m'khwapa mwa amayi 4 a gulu la opaleshoni ndi 7 a gulu lowotchedwa. Patatha zaka khumi anali 7 ndi 11. Ndiye kuti mbali zonse ziwiri sanakwane awiri pa 100 alionse. Pa kutalika kwa moyo sipanaoneke kusiyana kwenikweni. Koma pa mkono panali nkhani ina: patatha zaka zisanu, zizindikiro za kutupa zinapezeka mwa amayi 23 pa 100 alionse ochitidwa opaleshoni, pamene mwa owotchedwa anali 11. Kuwirikiza kawiri.

Nambala imene inandigwira kwambiri ndi ina. Mwa amayi amene anachotsedwa anabele otsala aja, mmodzi mwa atatu alionse anapezeka kuti khansa inali itafika kale mwa anabele enawo. Popeza magulu anagawidwa mwa maere, ndiye kuti gulu lowotchedwa linalinso chimodzimodzi: amayi oposa 200 anapita kwawo ndi khansa m'khwapa, mpeni osaikhudza. Komabe m'zaka khumi inadzuka mwa 11 okha. Ndinawaimbira achemwali m'mawa mwake n'kuwauza zimenezi, chifukwa mantha awo anagona pomwepa, pa chinthu chosiyidwa m'thupi. Chosiyidwacho sichisiyidwa chamoyo. Kuwala kwa makinawo kumawononga mbewu ya m'kati mwa maselo a khansa kuti asaswanenso, ndipo mankhwala amene mayi amalandira pambuyo pake amatsiriza ntchito.

Sindinawabisire mbali inayo, pokumbukira mawu a azakhali aja. Kuwotcha nakonso kuli ndi matope ake. Khungu limada ndi kusupuka, thupi limatopa, phewa limatha kuuma, ndipo amayi 11 pa 100 aja ndi anthu enieni amene mikono yawo inatupabe. Pa zaka khumi, ofufuzawo anapezanso kuti khansa zina zatsopano zinachulukirapo pang'ono m'gulu lowotchedwa. Iwo eni anavomerezanso kuti khansa yobwerera m'khwapa inali yochepa kwambiri moti masamu awo sanathe kutsimikiza mwamphamvu mmene ankafunira kuti njira ziwirizi n'zofanana ndendende. Opaleshoni ilinso ndi phindu limene makina alibe: anabele akachotsedwa amawerengedwa, dokotala amadziwa kuti ogwidwa ndi angati, ndipo nthawi zina chiwerengerocho chimasintha mankhwala. Ndinawauzanso kuti ena anapitirira pamenepa. Kafukufuku wa Giuliano wa ku America, wofalitsidwa mu 2011, anaonetsa kuti amayi ena amene agwidwa mlonda mmodzi kapena awiri, ngati bere lasungidwa ndipo liwotchedwa, angathe kusiyidwa osachotsedwa anabele ena. Wa ku Sweden wotchedwa SENOMAC, wa mu 2024, unadzaloza komweko.

Pali chinthu chimodzi mu AMAROS chimene ndimakangana nacho mumtima mpaka pano. Amayiwo ankayankha mafunso a papepala okhudza mmene moyo wawo ukuyendera, ndipo pa mayankhowo magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni. Wina angawerenge zimenezo n'kunena kuti kutupa kwa mkono si nkhani yaikulu. Ine ndimaganiza za amene ankafunsidwa. Mayi wa ku Netherlands kapena ku Italy amatsegula mpopi m'nyumba, amachapa ndi makina, ufa amagula wogaya kale, ndipo mkono ukayamba kutupa pali katswiri womusisita ndi kumupatsa chovala chothina cha pamkono. Pepalalo silinafunse ngati angathe kudzitwika ndowa ya malita 20 payekha, kukweza munsi, kupalira mzere mpaka kumapeto, kapena kuponya mwana kumsana n'kumanga mbereko. Silinafunse za minga ya m'munda, za chikwanje, za moto wa pamafuwa, zimene kwa mkono wopanda alonda zili ngati misampha. Azakhali anasiya dimba lawo la tomato. Anasiya kuitanidwa kumphika waukulu. Palibe anawanyoza, koma pamaliro anayamba kukhala m'nyumba ndi okalamba asanakalambe, ndipo ndinaona mmene zimenezo zinawachepetsera. Mkono wa mayi wa kumudzi kwathu umalemera pasikelo kuposa mmene mapepala a ku Ulaya anaupimira. Ngati pali dziko limene likufunika kwambiri njira yosunga mikono, ndi lathu lino.

Koma ndi kwathu kuno komwe njirayo imavuta kuipeza, ndipo apa m'pofunika kunena mosapita m'mbali. Zonse ndafotokozazi zimakhudza mayi amene wafika msanga, chotupa chili chaching'ono, m'khwapa musanamveke kanthu. Azakhali, ngakhale akanakhala ku Amsterdam, sakanalowa m'kafukufukuyo, chifukwa anabele awo anali atakula kale, ndipo pamenepo opaleshoni imakhalabe yofunika. Amayi ambiri a m'Malawi amafika kuchipatala matenda ali pamenepo kapena kupitirira. Ena amadikira chifukwa sichikupweteka, ena amaopa kudulidwa bere, ena anapitako msanga koma anabwezedwa ndi mapiritsi a zithupsa. Tsiku limene azakhali anakhudza chotupa chija koyamba n'kumanga chitenje kupita kumunda, makina akanakhalapo, njira ziwiri zikanakhala zikadali patsogolo pawo. Pofika chaka chotsatira inatsala imodzi.

Makina nawonso anachedwa. Anzathu a ku Zambia anatsegula Cancer Diseases Hospital ku Lusaka mu 2007, pamene ife tinkadalirabe kutumiza odwala ochepa kunja, ambiri ku India, enawo n'kumadikira pamndandanda. Mu 2025 m'pamene National Cancer Centre inatsegulidwa pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, ili ndi makina owotchera. Ndinasangalala kuchokera pansi pa mtima. Komabe makina paokha sasunga mkono. Pafunika dokotala wodziwa kufufuza mlonda uja, pafunika woyeza mu labu amene angabweze zotsatira msanga, pafunika nesi wa pachipatala chaching'ono amene akagwira chotupa salola mayi kubwerera kunyumba ndi panado. Ndipo mayi wa ku Nsanje kapena ku Chitipa ali ndi masamu ena amene a ku Ulaya sanawerengere. Opaleshoni ndi ulendo umodzi. Kuwotcha ndi tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo, kutali ndi kwawo, ndi gadiyani wofunika kudya, thiransipoti, ana otsala okha, munda wosapalira. Mayi wotere akasankha mpeni, sindingamuweruze. Chimene ndimafuna n'chakuti asankhe atauzidwa zonse m'chilankhulo chake, pang'onopang'ono, osangouzidwa kuti sainani apa.

Achemwali anabwerera kwa dokotala wawo ndi pepala la mafunso limene tinalembera limodzi pafoni. Anafunsa ngati chiwerengero cha anabele otsala chingasinthe mankhwala awo, ndipo anauzidwa kuti kwa iwo sichingasinthe. Anafotokoza ntchito imene amagwira. Anasankha kuwotchedwa. Ku Britain masiku ano amafupikitsa, ndiye anapita maulendo 15 m'masabata atatu, m'mawa uliwonse pa basi, m'nyengo yozizira. Ankagona pabedi lolimba mikono ili pamwamba pa mutu, makina akuzungulira mphindi zochepa, osamva kupweteka kulikonse. Kupweteka kunabwera pambuyo, khungu la m'khwapa litada ngati lapsa ndi dzuwa. Phewa linauma miyezi ingapo, ndipo tsiku lililonse ankayendetsa zala pakhoma kukwera m'mwamba monga anawaphunzitsira. Anabwerera kuntchito. Mpaka pano amadziyang'anira, chifukwa anauzidwa kuti kutupa kungabwere ngakhale patapita zaka.

Mu Disembala 2024 anabwera kumudzi. Tinawapeza azakhali pakhonde akusankha nyemba ndi dzanja limodzi, lichero lili pamwendo. Moni atatha, sanafunse za ndege kapena za chisanu. Anati, "Tasendera kuno, mwana wa achimwene. Mbali yake ndi iti?" Achemwali anagwada n'kupereka mkono wamanzere. Azakhali anaugwira kuyambira paphewa, kutsika pachigongono, mpaka pamfundo ya dzanja, ngati mmene amasankhira nzimbe. Kenako anasindikiza chala chachikulu pamnofu, n'kuchichotsa, n'kuwerama kuyang'anitsitsa. Panalibe kadzenje. Anasindikizanso pena. Anapempha mkono winawo, n'kuiika pamodzi kufananiza.

"Anasiyamo?"

"Anasiyamo, azakhali. Anangochotsa atatu, enawo anawotcha."

Anakhala chete nthawi yaitali, dzanja lawo lotupa lili pamwamba pa la achemwali. Kenako anaitana mdzukulu wawo wamkazi, wa Fomu 2, amene ankasonkha moto kuseri, kuti abwere adzamve bwinobwino kuti chotupacho anachipeza bwanji chisanayambe kumveka. Madzi a nsima atawira, achemwali ndi amene anagwira mthiko, azakhali atakhala pambali pa mafuwa akuwauza nthawi yothira ufa.